Khasu ku Dzanja Lolakwika

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene bambo anga anasiya kuyankhula. Sindikunena kuti anadwala pakhosi ayi. Moni ankapereka, mchere patebulo ankapempha, ndipo ku ntchito kwawo, kumene ankayendetsa basi yochokera kwathu ku Smethwick kupita m'tauni ya Birmingham, ndikhulupirira kuti ankayankha okwera akafunsa potsikira. Koma bambo amene ife tinkawadziwa, aja oimba m'bafa mpaka aneba kugogoda khoma, aja ankati akayamba nkhani za kwawo ku Dedza tiyi n'kuzizirira m'kapu, anangozimiririka. Panatsala munthu wovula nsapato pakhomo, n'kukakhala pampando wa pawindo kumayang'ana njerwa za nyumba za tsidya la msewu.

Zonse zinayamba ndi foni. Mayi awo, agogo a Nankhoma, anamwalira kumudzi nyengo imene kuno masamba amayoyoka m'mitengo. Bambo sanapite kumaliro. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndipo akanangokwera ndege sakanaloledwa kubwereranso kwa ife. Anasankha ife. Panthawiyo ine sindinkadziwa kuti panali kusankha kulikonse. Ndinkangoona anthu a kumpingo atadzaza m'chipinda chathu chochezera, akuimba nyimbo za maliro popanda bokosi, nsapato zawo zitaunjikana m'kanjira ka pakhomo moti kudutsa kunali kochita kulumpha.

Ine ndinabadwira konkuno, ndipo agogo sindinawaonepo ndi maso. Ndinkangodziwa mawu awo a pafoni, okuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo akandifunsa kuti ndadzuka bwanji ndinkathawa n'kupatsira mayi foniyo. Chichewa ndinkachimva, makamaka chokalipira, poti chimenecho chokha sichinkasowa m'nyumba mwathu. Koma poyankha ndinkayankha m'Chingerezi, monga ana onse a kumpingo kwathu.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, mayi anayamba kukonza za chikumbutso. Amalawi a kuno tili ndi kachitidwe kathu. Anthu amasonkhana m'nyumba ya ofedwa, pakona amaikapo katebulo, n'kuyalapo nsalu yoyera, kandulo, maluwa, ndipo pakati amaimikapo chithunzi cha malemu. Kuno kulibe manda oti tikasese kapena chiliza choti tikamange, ndiye katebulo kameneko ndi kamene timakhala tikuyang'ana popemphera. Kenaka mwana wa malemu amaimirira n'kunena za kholo lake. Mayi anagula felemu yokongola m'sitolo ina ku Cape Hill, koma chithunzi choikamo panalibe. Agogo anajambulidwapo kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo achibale atatsegula bokosi limene ankasungamo chithunzicho, anapeza chiswe chitadya kalekale. Felemuyo inakhala pamwamba pa filiji, mkati mwake muli mzungu wina womwetulira ndi galu wake, amene anabwera nayo kuchokera kusitolo.

Lamulungu lina masana ndinakhala pamasitepe ndikulemba ntchito ya kusukulu, makolo anga ali kukhitchini. Chitseko chinali chosatseka bwino.

"Mayi a Tiya, zachikumbutsozi zisiyeni," anatero bambo, mawu ali pansipansi. "Ine ndikaimirira pamaso pa anthu ndikanena chiyani? Ndikatsinzina nkhope yawo sikubwera. Duku ndikuliona, mapazi ndikuwaona, koma pankhope pali mbee! Mwana wamtundu wanji ine, wolephera kuika mayi ake m'manda, kenaka n'kuiwalanso nkhope yawo?"

Mayi anayankha kuti anthu anaitanidwa kale ndipo nkhuku zili mufiliji. Umo ndi mmene mayi anga amatonthozera munthu. Koma ine, ndi Chichewa changa chothyokathyoka chija, mawu a bambo ndinawamva onse, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Ndinaganiza kuti ngati nkhope ya agogo sibwerera, bambo anganso sadzabwerera.

Aphunzitsi athu chaka chimenecho anali Mayi Hollis, mzimayi wamtali wa imvi, wovala majuzi oluka yekha. Anali ndi mwambo wawo wa Lolemba m'mawa. Tisanatsegule mabuku ankatiwerengera zinthu zimene zinachitika sabata ngati imeneyo m'zaka za makedzana: kuti nkhondo ina inatha, chombo china chinamira, mfumu ina inabadwa, munthu wina anatulukira mankhwala. Ankati chaka chili ngati basi, chimaima pamasiteji omwewo, osintha ndi okwera okha. Mawu amenewo ndinkawakonda chifukwa ndinali mwana wa dalaivala. Akatha kuwerenga ankapachika chithunzi chimodzi pabolodi, n'kutipatsa kanthawi koti tingochiyang'ana osayankhula.

Lolemba limenelo anapachika chithunzi cha nsanja. Inali nsanja yotumphuka m'madzi, yaitali mopanda nzeru, yoboola mitambo n'kupitirirabe, ndipo pamwamba pake pankayaka moto. Kuwala kwa motowo kunkagwera panyanja yolusa, pamene timabwato tinkaoneka ngati makoko a mtedza. Mitambo yake sinali ngati imene ndinkaiona ku Smethwick, madzi akenso sanali ngati madzi. Zonse zinali ngati zimene umalota ukagona ndi malungo. Mnyamata wina kumbuyo ananong'ona kuti wojambulayo anali ataledzera, ndipo tonse tinaseka.

Mayi Hollis anatilola kuseka, kenaka anafotokoza. Anati imeneyo inali nsanja ya moto imene anthu akale anamanga m'mphepete mwa nyanja ku Igupto, kuti oyenda m'ngalawa aziona kolowera akamabwerera kwawo. Inali chimodzi mwa zinthu zisanu ndi ziwiri zodabwitsa za m'nthawi zamakedzana. Wojambulayo anali wa ku Ulaya, wa gulu la ojambula amene ankakonda kuika papepala zinthu monga mmene zimaonekera kumaloto.

Ndinakweza mkono. Ndinafunsa ngati wojambulayo anapita kukaiona nsanjayo.

"Sanaione, Tiyamike," anatero. "Inagwa ndi zivomezi zaka mazanamazana iye asanabadwe. Anatolera zimene ananena anthu amene anaiona, ndipo pamene panaperewera anadzazapo ndi maloto ake."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti chithunzicho ndi chabodza.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyang'ana bolodi kanthawi. "Munthu woyeza ndi chingwe anganene kuti kutalikako n'kwabodza. Koma taganiza za munthu amene ali m'kabwato kameneka, mafunde akumumenya, sakudziwa kumene kuli kwawo, kenaka n'kuona moto uja. Kwa iyeyo nsanjayo inali yaitali chonchi."

Pomaliza anatiuza kuti aliyense aganize za tsiku lokumbukira la m'banja mwake, poti mbiri si ya mafumu okha. Anzanga atathamangira kunja, ine ndinatsalira. Ndinawauza kuti Loweruka likudzalo agogo anga akwanitsa chaka chimwalirireni, kuti chithunzi chawo chinadyedwa ndi tizilombo, ndipo kuti bambo anga aiwala nkhope yawo. Zomalizazi ndinazinena ndikuyang'ana nsapato. Mayi Hollis sanandigwire paphewa kapena kundiuza kuti zonse zikhala bwino. Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala lalikulu lolimba, kabokosi ka penti ndi maburashi awiri. Anati ndizibweze sabata yamawa, ndipo ndiyambe ndafunsa anthu amene anawaona. Mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha kabati imeneyo.

Safunsa anadya phula, ndiye ndinayamba ndi mayi. Ndinawapeza akusita yunifolomu yawo ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Anati apongozi awo anawaona maulendo owerengeka chabe. Anali mzimayi wamfupi, wa maso akuthwa, ndipo tsiku loyamba kukumana sanawayang'ane kumaso koma m'manja, kufuna kuona ngati munali zikang'a za khasu. Nditafunsa za nkhope, mayi anati inali ngati ya bambo. Zimenezo sizinandithandize, chifukwa nditayesa kuganizira bambo atavala duku ndinangophulika kuseka, mayi n'kundithamangitsa.

Amene ananditsegula maso anali Anti Esnati. Sanali m'bale wathu wamagazi, koma ankachokera mudzi woyandikana ndi wa bambo, ndipo kuno zimenezo zimakwanira kuti munthu akhale mlongo wako. Anali namwino, ankakhala ku Kings Heath, ndipo ankatsogolera amayi a kumpingo ndi dzanja lolimba. Ana tonse tinkawaopa. Lachitatu anabwera kudzagawa ntchito zophika, ndipo ndinalimba mtima n'kuwafunsa za agogo.

"Iii, a Nankhoma!" anatero akuwomba m'manja. "Mayi ameneyo anali serious, mwana iwe. Bambo ako sanakuuze za khasu?"

Ndinapukusa mutu. Anti anakhala pansi, n'kuiwala za nkhuku. Anati kwawoko, miyezi yozizira, nkhungu imatsika m'phiri n'kutseka chilichonse, moti ukatambasula mkono zala suziona. Sukulu inali kuseri kwa phiri, ndipo ana pobwerera madzulo ankasochera. Mwana wina anagwerapo m'chigwembe n'kuthyoka mwendo. Kuchokera pamenepo, nkhungu ikangotsika, a Nankhoma ankasiya chilichonse, kukwera pathanthwe la kuseri kwa mudzi atamanga duku lawo lofiira, n'kumamenyetsa khasu lakutha pathanthwepo. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ana ankangotsatira kulirako. Sankatsika mpaka mwana womaliza atafika, kaya wawo kaya wa eni.

"Ndipo ukafika, usaganize kuti akukumbatira," anatero Anti akuseka. "Ankakukalipira kuti unachedwa kuti, iwo manja atazizira. Ine ndemwe anandifikitsa kunyumba ma time angapo, n'kundikoka khutu pamwamba pake."

Ndinafunsa za nkhope. Anti anaganiza, n'kunena kuti papita zaka zambiri, ndipo ana a nthawi imeneyo sankayang'ana akuluakulu kumaso.

Bambo ndinawafunsa kamodzi kokha. Anandiyang'ana ngati akundiona patali, n'kundiuza kuti ndipite ndikasewere.

Ndinajambula masana awiri nditaweruka kusukulu, nditagwada pansi m'chipinda changa, mpando nditatsekera kuchitseko. Ndinayamba ndi thanthwe. Ndinalitalikitsa mpaka linaboola mitambo, monga nsanja ija. Pamwamba ndinaimikapo mzimayi wamfupi wa duku lofiira, khasu lili m'mwamba ku dzanja lamanja. Mapiri a ku Dedza sindinkawadziwa, ndiye pansi pa thanthwe ndinajambula zimene ndinkadziwa: madenga a nyumba za m'msewu mwathu, akuyandama mu nkhungu yotuwa ngati ya m'mawa wa kuno, ndi mabasi osanjikiza akupendekeka ngati timabwato tija. M'basi imodzi ndinaikamo kamunthu pachiwongolero, katayang'ana kumwamba. Nditafika pankhope ndinaima nthawi yaitali. Palibe amene anandipatsa mphuno kapena maso, ndipo ndinaopa kuwapatsa agogo nkhope ya munthu wina. Ndinangoviika burashi mu penti wachikasu, wa mtundu wa moto wa pansanja ija, n'kudzaza malo onse a nkhope. Ndinaona kuti ndachita chinthu chanzeru kwambiri.

Loweruka nyumba inadzaza. Fungo la anyezi wokazinga ndi la majasi onyowa ndi mvula linasakanikirana m'kanjira ka pakhomo. M'chipinda chochezera munkamveka Chichewa cha ku Lilongwe, cha ku Mulanje, ndi Chinyanja cha anzathu a ku Zambia. Bambo anali asanabwere. Anavomera ntchito ya m'mawa tsiku limenelo, ndipo tonse tinkadziwa kuti anachitira dala. Katebulo kanali pakona ndi nsalu yake yoyera, kandulo ndi maluwa, felemu ili pakati yopanda kanthu, mzungu ndi galu wake atachotsedwamo. Amayi onse ali kukhitchini, ndinatsika ndi pepala langa n'kulitsamiritsa pafelemupo.

Alendo anayang'anana. Bambo wina anatsokomola. Kenaka Anti Esnati analowa atanyamula mbale ya mandasi, ndipo ataona pakona anaima ngati aponda minga.

"Ichi n'chiyani? Waika ndani?" Maso awo anandipeza pomwepo. "Iwe Tiya! Munthu wamkulu, womwalira, ukumujambula wopanda nkhope ngati chilombo cha kudambwe? Patebulo la mapemphero? No, no, no. Ana a kuno mulibe mwambo, mumaona ngati chilichonse ndi art."

Panthawiyo sindinkadziwa kuti dambwe n'chiyani, kapena chifukwa chimene chinthu chopanda nkhope ya munthu chingawawitsire mtima mayi wa mpingo wochokera ku Dedza. Ndinangoona kuti mayi anga achita manyazi kwambiri. Anandigwira khutu n'kunditulutsa, kundikhazika pamasitepe, n'kundiuza kuti ndikhala pamenepo mpaka alendo atapita ndipo tikambirana bwino. Chithunzi anachiponya chafufumimba pamwamba pa mulu wa nsapato. Ndinalira mwakachetechete, osati chifukwa cha khutu, koma chifukwa ndinaona kuti ndawonjezera chipongwe pamwamba pa chisoni cha bambo.

Nyimbo yachiwiri ili mkati, kiyi inalira pachitseko. Bambo analowa atavala jekete la kuntchito, madontho a mvula ali pamapewa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mulu wa nsapato, posowa poika zawo. Anatola pepala lija kuti alisunthe, ndipo analitembenuza.

"Ichi n'chiyani?"

"It's agogo," ndinatero ndikusisima.

Anayang'ana nthawi yaitali, moti ndinayamba kuwerenga mabatani a jekete lawo. Anaika chala pakamunthu ka m'basi n'kundifunsa ngati kameneko ndi iwo. Ndinavomera ndi mutu. Chalacho chinakwera pang'onopang'ono ndi thanthwe lonse mpaka pamwamba, n'kuima. Ndinadikira kuti anene za nkhope, monga Anti. Koma nsidze zawo zinakwinyika mwamtundu wina, mmene ankachitira kale munthu akalakwitsa mawu a nyimbo kukwaya.

"Walakwitsa," anatero. "Khasu waliika ku dzanja lolakwika. Amayi anali amanzere."

Sanavule n'komwe nsapato. Analowa m'chipinda chochezera pepala lili m'manja, nyimbo n'kudukira panjira. Ine ndinasendera mpaka pakhomo, kuiwala chilango.

"Achimwene, pepani," anayamba Anti Esnati. "Ndi chibwana cha mwana, tamudzudzula kale."

"Esnati," anatero bambo, "amayi ankagwira khasu ndi dzanja liti?"

Anti anadabwa. "Lamanja, nanga liti?"

"Bodza! Iwe unkabwera ndi kumbuyo, sunkaona. Amayi anali amanzere. Pakudya pokha ndi pamene ankagwiritsa lamanja, kuopa anthu. Koma khasu, mpeni, chikwapu, zonse kumanzere. Ife tinavutika nazo. Ukalakwa, iwe ukuzinda kumanja poti amayi onse a m'mudzi ankamenya ndi kumeneko, khofi likuchokera uku!"

Anthu anaseka, poyamba mwamantha, kenaka momasuka. Mayi anga anatulukira kukhitchini chipande chili m'manja. Bambo anapitiriza, mawu akukwera ngati wailesi imene wina akuiwonjezera pang'onopang'ono. Anati tsiku lina nkhungu itatsika iwo anachedwa dala, akukumba mbewa ndi anzawo, khasu likulira pathanthwe mpaka manja a amayi awo anachita matuza. Atafika anayesa kunama kuti anasochera, koma mchira wa mbewa unkasuzumira m'thumba la kabudula.

"Ndiye ananditsikira pathanthwe paja," anatero bambo akusonyeza ndi dzanja lamanzere, "ataluma mlomo wam'munsi chonchi, mmene ankachitira akapsa mtima, mphini za patsaya apa zitakwinyika, zitatu zija za..."

Anaima pomwepo. Dzanja lawo linali patsaya lawo lomwe.

"Zitatu kuno," anatero pang'onopang'ono. "Kuno ziwiri zokha, chifukwa ankati ali mtsikana anamumenya chibakera wotema mphiniyo asanamalize. Ndipo dzino ili linali lobenthuka. Mphuno yaing'ono, yotukuka." Anatembenukira kwa mayi anga. "Mayi a Tiya, ndawaona. Ndawaona amayi."

Bambo anga analira ataimirira pakati pa anthu, nsapato zonyowa zili pakapeti, kulira kumene sanalire chaka chonse. Palibe amene anawaletsa. Anti Esnati anaika mbale ya mandasi pansi n'kuyambitsa nyimbo motsitsa, misozi ikutsika nawonso. Kulirako kutachepa, bambo anandiitana n'kundituma kukatenga burashi. Ndi dzanja lozolowera chiwongolero analemba timizere takuda pa chikasu chija, titatu mbali ina, tiwiri mbali inayo. Maso ndi mphuno sanajambule, anati zimenezo zili kwa iwo tsopano ndipo sizichokanso. Kenaka anabweza pepalalo patebulo ndi manja awo. Anti anang'ung'udza kuti komabe mutu wachikasuwo iwo sakugwirizana nawo, ndiponso duku silinali lofiira chotero, linali loderako. Bambo anati linali lofiira. Anakangana mpaka mpunga unazizira, ndipo sindinaonepo mayi anga akusangalala ndi chakudya chozizira ngati tsiku limenelo.

Za chilango changa palibe anazikumbukiranso. Alendo atapita, ndinawauza bambo kuti nkhani zawo ndinangomva theka, chifukwa ankayankhula mothamanga ndipo mawu ambiri anali achilendo. Anandikhazika pamwendo, ngakhale ndinali nditakula kale, n'kuyambiranso, pang'onopang'ono, kuima pa liwu lililonse limene sindinalidziwe. Anandiuza kuti mphini n'chiyani, matuza n'chiyani, chigwembe n'chiyani. Mawa lake ndinabwera ndi mafunso ena, ndipo sindinasiyenso. Chichewa chimene ndikulemba panochi chinayambira pamenepo. Patapita masabata ochepa aneba anayambiranso kugogoda khoma la kubafa.

Lolemba ndinabweza kabokosi ka penti. Mayi Hollis anandifunsa mmene zinayendera, ndipo ndinawauza kuti ndinalakwitsa dzanja. Anafunsa kuti anandiuza ndani. Nditati bambo, anamwetulira n'kutseka kabati.

Mapepala aja anadzatuluka, ndipo patapita zaka, ine nditamaliza sukulu ya ukachenjede, ndinapita ndi bambo ku Dedza. Titachoka kumanda ndinawapempha kuti akandionetse thanthwe. Tinazungulira kuseri kwa mudzi, kudutsa m'munda wa mbatata, ndipo bambo anaima n'kuloza. Ndinayang'ana kumwamba, kenaka ndinatsitsa maso. Thanthwelo linkandifika m'chiuno. Mbuzi inali itagona pamwamba pake. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, ndikukumbukira nsanja yanga yoboola mitambo. Bambo sanaseke. Anaithamangitsa mbuziyo, n'kundionetsa pamene mwala unakumbika n'kuyera chifukwa cha khasu, chakumanzere kwa poima munthu.

"Usaseke," anatero. "Ukakhala kumunsi uko, nkhungu itatseka, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, linali lalitali ngati mmene unajambulira muja."

Chithunzicho chikadalipo, m'chipinda chochezera cha makolo anga ku Smethwick, penti atayamba kusuluka. Kangapo konse ndapempha kuti ndichikonze, ndisamutsire khasu kumanzere, poti tsopano dzanja langa linakhwima. Bambo amakana. Poyamba ndinkaganiza kuti n'kuumira chabe kwa ukalamba, mpaka tsiku limene ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, amene nayenso amayankha m'Chingerezi ngati mayi ake kale. Anaima pansi pa chithunzicho n'kufunsa kuti ameneyo ndani. Bambo anadzuka pampando wa pawindo, maso akuwala, n'kuyamba kuti: "Amenewa ndi amayi anga. Koma mayi akowa analakwitsa, khasu lili ku dzanja lolakwika. Khala pansi ndikuuze."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinawabwezera bambo nkhope ya mayi awo. Lero ndikudziwa kuti sindinawapatse chilichonse chimene analibe. Nkhopeyo inali mwa iwo nthawi yonseyo, itaphimbidwa ndi chisoni ndi manyazi, ndipo inkangofuna wina woti alakwitse pamaso pawo kuti iwo akonze. Chiswe chikanasiya chithunzi chenicheni chija, tikanachiimika patebulo, kupemphera, kudya mpunga wotentha n'kubalalika, bambo ali chete. Ndimathokoza aphunzitsi amene anandionetsa kuti munthu angathe kujambula chimene sanachione, ndimathokoza Anti Esnati amene anandipatsa thanthwe kenaka n'kundikalipira chifukwa cha thanthwe lomwelo, ndipo ndimathokoza agogo amene sindinawaonepo. Anatsikira kumanda khasu lawo litatha, koma mwana wawo womaliza kusochera anamufikitsabe kunyumba.